Ngodya za ku Burnley

Nyumba za ku Burnley zilibe ngodya yoongoka.
Anandiuza zimenezi a Ollerton tsiku loyamba,
atakweza dzanja lamanzere kuti ndiwerenge ndekha:
chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
chachisanu kachitsa kosalala ngati kandulo yotsala.
"Ichi chinatsalira ku Accrington," anatero,
"Lachisanu masana, mtima uli kale ku malipiro."
Sanawonjezepo. Anapita kukatereka ketulo.

Lero ndili ndekha m'chipinda chopanda makatani.
Januwale akulowera m'ming'alu ya windo,
mvula ikulemba pagalasi kalata yosawerengeka.
Macheka amagetsi ali pa benchi, mutu zyolii,
ngati galu wa eni amene sunamudziwe mtima.

Ndiyamba ndi kuzula pulagi.
Chilombo umachiwerenga mano chili m'tulo.
Ndikweza chishango chake, ndichisiya,
chibwerera chokha kukaphimba chitsulo.
Ndipinda juzi mpaka m'zigongono,
chibangili cha mikanda chondipatsa Tiyamike ndichiponya m'thumba.
Magolovesi ayi:
nsalu ikakodwa, imaitana dzanja kuti litsatire.
Magalasi kumaso, zotsekera m'makutu,
ndipo tauni yonse yatsala kugunda kwa mtima wanga.

Buku limati madigiri makumi anayi ndi asanu.
Khoma likupukusa mutu.
Lakhala likutsamira linzake zaka zoposa zana
ndipo pokumana pawo payasamula pang'ono.
Sindikangana nalo.
Ndiyeza kuyasamulako, ndikugawa pakati,
theka kwa thabwa ili, theka kwa linzake,
monga amagawira mlandu wa anthu okondana.

Ndizunguza tebulo la macheka, ndimanga.
Ndipendeketsa mutu wake chakumanzere, ndimanganso kumbuyo,
ndigwedeza kuti ndimve ngati akunama.
Macheka akapendeka amasintha njira;
pamene dzulo panali pabwalo posewerera zala
lero ndi pamsewu wa sitima.
Choncho ndiwatsitsa ali chete, magetsi kulibe,
ndione kumene mano adzadutse,
ndisuntha mpanda wachitsulo umene akanauluma.

Thabwa ligone chagada, msana ku mpanda,
chopanira chiligwire, osati ine.
Dzanja langa likhale kutali, kupitirira chikhatho chathunthu,
ndipo mikono isapingasane.
Kachidutswa kafupi sindikagwira ndi zala,
kotero kamapita kumoto, sikalira maliro.

Pulagi m'khoma.
Ndiyamba ndi thabwa lotaya, loyesera.
Ndidina. Kulira kukwera, kukwera,
ndidikira mpaka mawu akhazikike pamzere umodzi,
kenako pang'onopang'ono, osakankha,
mano adye okha chakudya chawo.
Utuchi uwuluka, fungo la paini lidzaza chipinda,
fungo lomwe lija la ku Chikangawa
pamene malume ankakweza matabwa pa lole, ine ndili pa tchuthi.

Foni injenjemera m'thumba.
Mwina ndi kumudzi, mwina ndi mwininyumba wa lendi.
Alire.
Ndasiya batani koma mutu sindiukweza,
chitsulo chikadazungulira m'kati mwa bala,
ndipo chikakwezedwa chili ndi ukali
chimatola kachidutswa n'kukulasa nako kumaso.
Ndiwerenga mpweya wanga.
Zungulire, zungulire,
zii.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo afika msanga kuno, folo koloko nyale zayaka kale.
Ndigwada pakona ndi matabwa awiri opendeka milomo,
aliyense wataya kanthu kuti akwane mnzake.
Ndiwakankha.
Apsompsonana, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi.

A Ollerton alowa, jekete ili chonyowa,
agwada movutikira, bondo likulira,
ayendetsa kachitsa kaja pamsoko, pamwamba mpaka pansi.
Sayamikira. Si khalidwe lawo.
Angoyang'ana manja anga
milomo ikuyenda mwakachetechete
mpaka khumi,
kenako afunsa ngati ndatsalako ndi mkaka wa tiyi.