Alendo a mu Disembala

Mphepo ya kumpoto ikayamba kuluma makutu
timadziwa kuti ali m'njira.
Sagogoda, saliza hutala.
M'mawa timangowapeza atatsamira miyala ya ku Oga
ngati mlendo wofika usiku
amene waopa kudzutsa eni nyumba.

La chaka chino analiona ndi mayi Tsuyako
akutola ndere kunsi kwa phompho.
Anaimba foni, mawu akunjenjemera:
"Bambo Kamada, bwerani ndi buku lanu lija."

Ine ndine kalaliki chabe wa padoko.
Ntchito yanga ndi kulemba zimene nyanja yalavula.

Ndiye ndinalemba.
Bwato lamatabwa, lopaka phula, mamita khumi ndi awiri.
Injini yadzimbiri, yoti amuna awiri n'kuinyamula.
Mbedza zopiringizana ndi chingwe.
Chigubu cha madzi, chouma gwaa.
Ketulo yodzaza mwaye.
Mbale zisanu ndi imodzi, zosanjikiza bwinobwino,
yapamwamba ili ndi njere za mpunga m'mphepete.
Nsapato ya kumanzere.
Jekete ya chigamba pachigongono, ulusi wake wofiira;
wosokayo anabwereza kawiri
kuti chisanu chisapeze polowera.

Pamzere wa anthu ndinasiya mpata.
Hosaka, wapolisi wongoyamba kumene,
anati lembani ziro, tizipita, kwazizira.
Ndinati ziro sadya mpunga, mwanawe.

Kumutu kwa bwato kuli zilembo za tsidya lija,
timizere ndi timabwalo tomwe sinditha kuwerenga.
Linayenda bwanji miyezi yonseyi lopanda wowongolera?
Ena akuti namondwe anawakokolola onse nthawi imodzi.
Ena akuti mafuta anatha, njala n'kumaliza zotsala.
Wogulitsa fodya pakona akuti analandiridwa ndi sitima ina
yoyenda m'nkhungu, nyali zili ngwee, mkati mulibe munthu.
Aliyense ali ndi yankho. Nyanja ili duu.

Koma namondwe wanji wotenga anthu
n'kusiya mbale zili chisanjikizire?

Mkulu wanga Tomekichi anachoka padoko lomweli
chaka chimene ndinamaliza sukulu.
Kunja kunali bata, madzi ngati mafuta m'chiwaya.
Anandiuza kuti ndimupopere njinga, abwera Lachinayi.
Sitinaone thabwa, kapena dontho la dizilo pamadzi.
Mayi anamuikira mbale zaka khumi ndi chimodzi
mpaka tsiku lina anaiwala,
ndipo atakumbukira analira koposa tsiku loyamba lija.
M'manda ake muli chipesa ndi chipewa basi.

Maliro opanda mtembo saphwa.

N'chifukwa chake ndimalemba pang'onopang'ono,
ngakhale zala zaume ndi chisanu.
Mwina tsidya lija kunali kalaliki wina,
wa chimfine ngati ine, wa bolopeni yovuta kulemba,
amene m'mawa wina anapeza bwato lobiriwira pamchenga,
nawerenga makapu, natsegula wailesi yakufa,
naima nthawi yaitali
pa zilembo zathu zomwe sanathe kuwerenga.
Ndikungopempha kuti iyenso asakhale atalemba ziro.

Lachisanu kubwera chigalimoto cha khonsolo.
Bwato lidzaphwanyidwa, matabwa apita kukatenthedwa,
ndipo akuluakulu adzadandaula za mtengo wake pamsonkhano.
Wansembe wa kukachisi wa paphiri
adzafukiza lubani, n'kutchula dzina limene palibe akulidziwa.

Jekete ija sinalowe m'thumba la apolisi.
Ndalakwira lamulo, ndikudziwa.
Ndaichapa katatu, mchere sukuchoka.
Yapachikika kuseri kwa chitseko, pafupi ndi njinga,
ndipo usiku mphepo ikalowa pansi pa chitseko
mkono wa chigamba uja umatukuka pang'ono
ngati munthu wofuna kufunsa njira.