Puloti Namba 212

Ngongole ndinatenga mwezi wa Meyi.
Njerwa zinaunjikana ngati chulu kuseri kwa Airwing,
simenti ikudikira m'kontena ya mlamu wanga ku Kawale.
Ndiye Lachiwiri kapitawo Jelasi aimba foni:
"Bwana, thalakitala aimitsa.
Kwabwera mayi wachipewa wa ku ofesi ya zinthu zakale."

Ndinakwera kabaza
ndikutafuna mawu oti ndikamulavulire.

Ndinampeza atagwada m'ngalande ya maziko anga,
pomwe pulani imati chipinda cha ana,
akupukuta nthaka ndi kaburashi kotsukira mano.
Zingwe zoyera, misomali, sefa ngati ya ufa.
Ndinati: Mayi Chimphepo, banki sidziwa mapale,
chiwongoladzanja sichigona tulo.

Sanandiyankhe.
Anandiika m'manja phale lakuda ndi mwaye.
"Ikani chala chanu apa."
Panali kadzenje pamlomo wa mbiya,
pomwe woumba anatsina dongo likadali lofewa.
Chala changa chinalowamo ndendende,
ngati ndagwirana chanza ndi munthu mumdima.

Kenako anandionetsa zina pansalu:
mikanda itatu, mphero yosweka pakati,
zotsalira za ng'anjo zolemera kuposa maonekedwe ake,
ndi makala m'kathumba.
"Awa ndi amene atiuze zaka."

Chikalata changa, chokhala ndi chidindo chofiira,
chimati mwini woyamba ndine.
Ndinachipinda kanayi
n'kuchibwezera m'thumba la jekete.

Sindinama, masabata asanu aja anandipweteka.
Matumba anayi a simenti anasanduka miyala,
alandilodi a ku Mchesi anakweza lendi,
mkazi wanga analeka kufunsa.
Oyeza malo anabweranso ndi mitengo yawo yamawangamawanga,
anakhotetsa msewu pang'ono kuti ulambalale ng'anjo,
khonde langa linafupika ndi phazi limodzi.
Aneba a pa 213 sanandipatse moni mpaka mvula yoyamba,
ngati mapalewo ndinakwirira ndine.

Mayi Chimphepo ananyamula makatoni awo,
lililonse lili ndi nambala ngati mapuloti athu.

Tsiku lothira konkire,
anyamata atapita kukagula chimanga chowotcha,
ndinagwada pakona yakum'mawa,
pomwe padzaime kabati,
n'kudinda chala chachikulu pasimenti yaiwisi.

Jelasi anandiona.
Anapukusa mutu, natola thabwa lake losalazira,
naima nalo kanthawi.
"Bwana, mwaononga levulo,"
anatero,
koma sanafafanize.