Mamilimita Atatu

Chipale chofewa chaunjikana pakhomo pa garaja mpaka m'mawondo.
Bambo akhala pa kireti ya mowa yopanda mabotolo,
chikhoto pamapewa, manja akunjenjemera
monga achitira kuyambira chilimwe cha dzana.
Pakati pathu paima Jawa yawo yofiira,
yopangidwa chaka chomwe iwo anasiya sukulu ku Pelhřimov,
thanki yake yosupuka pomwe mawondo awo ankakhuza.

Ndamasula chivundikiro cha kumanja.
Mapoyinti si awa, timano tiwiri takuda, todyeka,
takhala tikulumana zaka makumi asanu ndi limodzi.
"Usataye," akutero.
Sindinanene kuti nditaya.
Ndatiponya m'chitini cha khofi
momwe muli kale mabawuti osowa kwawo
ndi kiyi wa nyumba yomwe tinagulitsa.

Kabokosi katsopano kabwera pa positi kuchokera ku Brno,
kakuda, komata mbali zonse, mawaya anayi:
wofiira, wakuda, wachikasu,
ndi woyera amene pepala silikumutchula bwino.
Bambo akukatembenuza, akukanunkhiza.
"Chinthu chosatseguka,
chikakufera usiku pamsewu wa ku Jihlava uchikonza bwanji?"
Sindikuyankha. Ndaluma sikuluwu.

Iwo ankapana kapepala kopichirira fodya pakati pa timanoto,
n'kumazunguza injini pang'onopang'ono, mpweya atagwira,
kapepala kakangoti pululu m'zala zawo,
basi, pamenepo ndiye pobadwira mbaliwali.
Ine wa zaka zisanu ndi zinayi ndinkagwira tochi.
"Vendula, unika pa ntchito, osati pankhope panga."

Lero tochi ili pamphumi panga.
Ndachotsa pulagi, ndalowetsa choyezera m'bowo,
pisitoni ikukwera, ikukwera, yaima kaye
ngati munthu wafika pamwamba pa makwerero
waiwala chomwe amadzatenga.
Ndaibweza mamilimita atatu.
Ndasuntha mbale ya chitsulo mpaka kanyali kofiira kati ng'ani.
Palibe chokoka ndi zala, palibe chomvera.
Ndamanga masikuluwu, ndabwezera pulagi,
ndatsegula petulo, fungo lake ladzaza garaja.

Ndaponda kiki. Zii.
Ndapondanso.
Kachitatu yandibwezera, chitsulo pa kakolo, phaa!
Ndatukwana mawu omwe ndinawaphunzira momwemuno.
Bambo maso ali chitsinzinire.
"Moto wafulumira," akutero.
"Ukuyaka pisitoni isanafike pakwake."
"Pepala likuti atatu."
"Pepalalo linakwerapo njinga imeneyi?"

Ndakhala pansi pozizira, ndikusisita mwendo.
Kunja galimoto yokankha chipale yadutsa, mabelu a tchalitchi aimba folo.
Ndikufuna kuwauza kuti kabokosi sikanama,
kuti sikadyeka, sikafuna girisi, sikaopa chinyezi,
kuti ndakagula chifukwa zala zawo
sizingathenso kugwira kapepala ka fodya osakang'amba.
Ndamasula masikuluwu.

"Pang'ono," akutero. "Ayi, wachulutsa. Bwerera.
Ngati kunenepa kwa chikhadabo."
Sakuona n'komwe, magalasi anawaiwala kukhitchini.
Akungomvera kulira kwa chitsulo pa chitsulo.
Ndamanga.

Kiki kamodzi.
Yatsokomola, yameza, yagwira,
ting'-ting'-ting' wa injini yakale uja,
utsi wobiriwira ukukwawa pansi kufuna khomo,
zitini za penti zikuvina pa shelefu.
Ndakankha chitseko ndi phewa kuti tisatsamwe,
kuzizira kwalowa ngati mlendo wosaodira.

Bambo adzuka osagwira khoma.
Aika dzanja pa thanki, pomwe pali posupuka.
Injini ikunjenjemera, dzanja likunjenjemera,
ndipo kwa kanthawi sindikudziwa
chomwe chikugwedeza chinzake.

"Ikumveka mwachilendo," akufuula kupyola phokoso.
"Moipa?"
Sakuyankha. Apotokola mafuta pang'ono, amvetsera, asiya.

Nditazimitsa, ndikutola masipanala,
ndawaona akusanthula m'chitini cha khofi.
Atenga timano tiwiri tija, atipukuta ndi mpango,
atiika m'thumba la mkati
momwe kale munkakhala fodya.