Mpando Wolembedwa

Munthu wa kukhoti anabwera Lachiwiri,
atavala jekete pa dzuwa la Okutobala.
Sanakalipe. Anapempha mpando,
anakhalapo,
kenaka anaulemba.

Analemba firiji,
ngakhale magetsi kuno ku Mufakose
amabwera pakati pa usiku ngati mfiti.
Analemba kabati ya mbale za Esinati,
makina osokera a malemu apongozi.
Pa chithunzi cha bambo anga anaima pang'ono,
ali mu yunifolomu ya panjanji,
chaka chomwe anachoka ku Ntcheu
mzinda uno akuutchula kuti Halale.
Ichi sichingagulidwe, anatero, napitirira.

Ngongoleyo inali ya matabwa.
Mabenchi makumi anayi a tchalitchi cha ku Kambuzuma.
Ndinawamaliza Loweruka, vanishi akununkhabe.
Lamulungu m'mbandakucha moto unalowa ku Glen View,
shedi yanga, ya Gwatidzo, mzere wonse psiti.
M'phulusa ndinatolamo misomali.
Pepala la kubanki lokha silinapse,
linali kunyumba, m'Baibulo.

Pokwirira dzenje la banki ndinakumba la katapila.
Kuno amati chimbadzo.
Dzina lina, mano omwewo.
Madola mazana atatu anaswana mumdima
mpaka sindinkawazindikiranso nkhope.
Foni ndinayamba kuigoneka chafufumimba.
Pa maliro a sosaite yathu ndinkakhala kumbuyo,
msungichuma akamayandikira ndi buku lake
ine n'kuwerama, kumanga chingwe cha nsapato
chomwe chinali chomanga kale.

Anandikoka ndi Esinati.
Wati ufe ndi manyazi, nanga bokosi tigula ndi chiyani?
Kombi mpaka ku Copacabana, kwinako wapansi,
nyumba yosanja, chikepe chinafa kalekale.
Maloya othandiza osauka amakhala pamwamba zedi.

Pabenchi tinalipo ambiri.
Mayi wina atafumbata makiyi a nyumba yomwe si yakenso,
mphunzitsi wobisa nkhope m'nyuzipepala.
Benchilo linkatsimphina, mwendo umodzi waufupi.
Manja anga anayabwa.

Loyayo, Mai Marufu, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri,
anawerenga mapepala anga onse osagwedeza mutu.
Ngongole si umbava, sekuru, anatero.
Njira zilipo, koma palibe yopanda minga.
Tikhoza kulembera banki
kuti muzibweza pang'onopang'ono, monga mmene mungathere.
Wakatapilayu tikamufunse pamaso pa khoti
chifukwa chake mwana wa ndalama wakula kuposa make.
Zikakanika zonse, pali kukweza manja:
kukaima kukhoti lalikulu n'kunena poyera kuti ndalephera.
Adzasankha munthu wogawa zotsalazo,
dzina lanu lidzalengezedwa,
kwa zaka ndithu palibe adzakubwerekeni ngakhale singano,
koma ogogoda pakhomo adzaleka,
ndipo tsiku lina mudzapempha kuti akutsukeni.

Ine wa kwa Maseko, kukanena kuti ndalephera?
Ndinayang'ana pawindo.
Pansipo jakaranda anali kutaya maluwa ake mumsewu
osachita nazo manyazi.

Nanga macheka, ndinafunsa, ndi pulena ya bambo anga,
zomwe zinapulumuka chifukwa ndinagona nazo kunyumba?
Anavula magalasi.
Zimenezo timenyera, sekuru. Munthu sam'landa manja.
Mubwerenso Lachisanu ndi malisiti onse,
ngakhale opserera.

Sindinasankhe njira.
Usiku uno ndakhala pampando wolembedwa uja,
ndinaupanga ndekha chaka chomwe Dalirani anabadwa,
wa mlombwa, wopanda msomali ngakhale umodzi.
Papepala lawo akuti madola asanu ndi atatu.
Esinati akusanja malisiti pamphasa pa kuwala kwa kandulo,
akuwerenga monong'ona, akubwereza, chala chili pamilomo.

M'thumba la Lachisanu ndaikamo kale zonse,
ndi kachidutswa ka thabwa,
kokwana zala ziwiri,
ka mwendo wa benchi lija.