Lachiwiri, ku Wolverhampton

Ndinamva ngati wina wandikhoma ndi mpini kumbuyo kwa mwendo.
Ndinacheuka kuti ndimulalatire,
koma kumbuyoko kunalibe munthu,
mpira wa ntchemberembaye wokha ukugubuduka
muholo ya tchalitchi yomwe tinabwereka Loweruka lija.
Mtsempha wa kuchitendene unali utaduka
ngati lamba wa chigayo pakati pa tsiku.

Anasoka. Anaika chikhakha.
Kenako chijombo chakuda, chitendene chili m'mwamba
ngati nsapato ya mkwatibwi,
ine ndi ndodo ziwiri pa masitepe khumi ndi anayi a nyumba ya lendi.

Tsopano Lachiwiri lililonse ndimakwera basi kuchokera ku Bilston
kupita ku mafizo.
Harpreet amayamba wapekesa manja ake kuti afunde,
chibangili chachitsulo amachikankhira kuchigongono.
Gonani chafufumimba, Tiyanjane.
Dzina langa amalitchula lonse, pang'onopang'ono,
ngati akuwoloka pa ulalo wa mtengo umodzi.

Chipsera, akuti, chamatirira ku mnofu wapansi
ngati sitampa pa envulopu.
Ndiye chala chake chachikulu chimalowa pambali pa msoko,
kukankha mopingasa, kubweza, kukankhanso,
kutsina khungu, kulinyamula, kuligubuduza,
mpaka pomwe panali gwa payambe kumvera.

Pa khumi, ululu uli pati?
Ndikuti: pa atatu.
Akuseka. Zala za phazi lanu zikuti seveni.
Ndimuuze bwanji kuti ine sindinaphunzire
kuwerenga ululu ngati chenji?

Katumba wanga waphwa ngati tayala la njinga yoiwalidwa.
Amamutikita kuchokera kunsi kukwera,
kenako nkufumbata chitendene ngati kapu yodzaza,
dzanja linalo nkumasuntha kakolo
pang'ono chabe, pang'ono,
monga muja ukankhira chitseko cha chipinda chomwe mwagona khanda.

Zaka zinayi ndakhala ndikusambitsa nkhalamba za eni.
Ndimadziwa msana wa Bambo Pugh kuposa nkhope yanga,
ndimadzoza mafuta miyendo ya Mayi Whitehouse
iwo akunditchula dzina la mng'ono wawo womwalira.
Manja anga agwira anthu, agwira.
Koma ine?
Wotsiriza kundikhudza mosathamanga anali Sungeni, mwana wanga,
pa Chileka, akundikonza kolala ya juzi,
akuti amayi, kumeneko kumazizira.

Nkhope yanga ili m'bowo la bedi.
Ndikuona matailosi, ndi nsapato zoyera za Harpreet,
ndi dontho limodzi likugwa pakati pake.
Ndichepetse mphamvu?
Ayi, pitirizani.
Sanafunsenso. Chala chinangokhala pomwepo kanthawi,
osakankha.

Kenako kukhoma: phazi pansi, bondo likhudze khoma.
Mwezi watha masentimita awiri, lero asanu.
Amalemba m'buku mwake mosangalala
ngati ndi ndalama zolowa.
Lamya ikunjenjemera m'chikwama,
akuntchito akufunsa ndibwerera liti.
Mtsempha sumva za mashifiti, akutero Harpreet,
umalukana pa nthawi yake.

Kunyumba ndimagwira sinki, mvula ikuwaza pawindo,
nkunyanyamphira ndi miyendo yonse iwiri,
wamoyo ukubera mnzake ntchito.
Khumi ndi kasanu. Kupuma. Kubwerezanso.
Ketulo imawira ndisanamalize.

Lero anati: mwendo umodzi.
Ndinayang'ana khoma, ndinaluma mlomo,
thupi lonse likukana ngati mbuzi yopita kumsika.
Ndinati sichinanyamuke.
Iye anagwada, natenga kalata yanga yachipatala,
naiseseretsa pansi pa chitendene.
Inadutsa.

Pepala limodzi lokha.
Ndatuluka nalo lili ndi fumbi la phazi langa,
ndikutsimphinabe, basi yandisiya,
ina ibwera pakatha mphindi khumi ndi ziwiri.
Ndaima pa siteji, miyendo yonse pansi,
ndipo sindinatsamire chipilala.