Abusa Akusala Kudya

Tinamutcha Abusa
chifukwa cha mizere iwiri yakuda pakhosi,
kolala yosachapa, yosasita.
Mwandida ndiye anamusankha m'shopu ya ziweto,
pakati pa njoka zogona ndi akamba aulesi,
nati: Buluzi uyu, amayi, akundiyang'ana.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi
Abusa asanalawe kanthu.

Ndagula nkhululu ndi mapaundi, ine,
mwana wa ku Ntcheu
amene ndinkazifukula ulere ndi kakhasu kothyoka.
Ndazithira ufa wa kashiamu,
zayera mbuu ngati ana ochokera kuchigayo.
Imodzi yamudumphira pamphuno penipeni.
Iye phee,
diso limodzi chotseka,
ngati akupempherera ife tonse.

Kuno ku Huddersfield dzuwa limaweruka folo koloko isanakwane.
Lakelo tinagula m'katoni,
tinalipachika pamwamba pa mwala,
timaliyatsa ndi chala.
M'nyumba muno amene akudya bwino
ndi mita ya magetsi yokha.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wa ndolo pamphuno,
anamuika pasikelo:
magalamu makumi awiri ndi asanu ndi atatu.
Anati mukweze kutentha pamwalapo,
mumate mapepala mbali zitatu za galasi,
ndipo chonde muchepetse kumusuzumira.
Ndinangoseka chamumtima.
Zoti mlendo sadya anthu akumuwerengera mkamwa
ndinachita kulipira mapaundi makumi anayi kuti ndizimve?

Mwandida wamata mapepala a masamu a chaka chatha.
Abusa tsopano akukhala pakati pa mayankho olakwa.

Usiku, kuntchito, chipinda nambala 14,
bambo Illingworth amakananso supuni yanga.
Amaluma mano, n'kutembenukira kuzenera
kumene kulibe china koma mvula ndi magalimoto onyowa.
Ndinasiya kuwanyengerera.
Ndimaika mbale pafupi ndi dzanja lawo lamanzere,
n'kuyamba kupinda matawulo opinda kale,
msana wanga uli kwa iwo.
Masiku ena ndimamva supuni ikugunda mbale.
Masiku ena ayi.

Inenso chaka changa choyamba
masiketi ankandivuka m'chiuno.
Chakudya chinalipo, mashelefu mpaka kudenga,
koma pakhosi panali pomanga mfundo.
Ndinkakhala pafupi ndi chitsulo chotenthetsa m'nyumba,
manja pakati pa mawondo,
kudikira thupi kuti livomere kuti lafika.
Palibe anandiika pasikelo.

Mwandida amafunsa: Kodi afa?
Ndimati kavale jekete, basi ikusiya.
Mchira wake ndimauyang'ana ndekha mwana atatuluka,
ngati patsinde payamba kuphwa,
ngati mafupa a m'chiuno ayamba kuwerengeka.

Mmawa uno ndafika nsapato zili chonyowa,
nyumba yonse mdima,
kupatula kadzuwa kathu ka pakona.
Dzulo ndinaikamo nkhululu zisanu.
Ndawerenga: zitatu.
Ndawerenganso.
Ina ikulira kuseri kwa firiji, wothawa kundende,
ndiye imeneyo tisaiwerengere Abusa.
Nanga inayo?

Pamchenga pali kamwendo kamodzi kopindika.
Iye ali pamwala, chifuwa m'mwamba,
wagwedeza mutu kawiri ngati gulo wa pachitsa,
ndipo pamlomo pake pali ufa woyera,
ngati mwana wakuba mkaka waufa
amene akukanitsitsa kuti sanatsegule chitini.

Sindinamudzutse Mwandida.
Sindinavule n'komwe chikhoti.
Ndadula buledi, ndapaka majarini,
ndakhala pansi pakapeti chofulatira galasi.
Ndikutafuna pang'onopang'ono, maso kukhoma,
makutu onse ali kumbuyo.