Usadzuke, Nahuel

Mitu iwiri yagundana m'malere, gu!
Wina wadzuka akutukwana.
Nahuel wangoti thapsa pa kapinga wa ku Rosario,
mpira ukugubudukabe wokha.

Wezulo isanathe kulira
Ofelia Brizuela wagwada kale m'matope,
chikwama chili yasa pambali.
Sakulabadira magazi a pachikope.
Magazi ndi olongolola, amakuwa ngakhale nkhani ili yochepa.
Iye amaopa zimene zili chete.

Tsaya lake pafupi ndi mphuno ya mnyamata:
mpweya ulipo, wofunda,
wonunkhira malalanje a nthawi yopumulira.
Manja awiri apana mutu
monga mugwirira dzira la mng'alu.
Musamukoke! Musamudzutse!
Sunthani, mukutchinga kuwala.

Dzina lako ndani?
Tikusewera ndi ayani?
Finya chala changachi. Kwinaku.
Gwedeza zala zakuphazi.
Zagwedera.
Ofelia wameza malovu amene anaiwala kumeza pothamanga paja.

Wagoletsa ndani chigoli chomaliza?
Nahuel akutchula mkulu wake
amene anapachika nsapato zaka zitatu zapitazo.

Mphunzitsi akuloza wotchi: zatsala mphindi naini,
mwanayu ndi wolimba, ingomuthirani madzi.
Ofelia sakukweza mawu.
Akukodola onyamula machira ndi chibwano
poti manja ali pantchito.

Usiku, chisanu cha mu mtsinje wa Paraná
chikulowera pazenera la basi.
Agonja ziwiri kwa chimodzi. Palibe womulankhula.
Zala zake zikadali zopindika pamiyendo,
zikupanabe mutu umene wagona kuchipatala.